Mkulu ndi Mphwake: Kaleredwe ka Ana Aamuna Awiri ku Chipoka

Chipoka ndi tawuni yaing'ono ya m'mbali mwa Nyanja ya Malawi, m'dera la Mfumu Yaikulu Ndindi, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kummwera kwa boma la Salima, ndipo imadziwika ndi doko lake, njanji imene inafika kuderali m'chaka cha 1935, komanso msewu wa M5 umene umadutsa pamenepo kulowera ku Golomoti ndi ku Balaka. Anthu ake ambiri ndi Achewa ndi Ayao, Akhristu ndi Asilamu, amene moyo wawo wagona pa usodzi, ulimi wa chimanga, mpunga ndi chinangwa, ndiponso malonda ang'onoang'ono a m'mbali mwa msewu. M'makomo a anthu amenewa mumapezeka mabanja amene ana awo oyamba ndi aamuna awiri opondana, kutanthauza kuti anabadwa motsatizana popanda mwana wina pakati pawo, ndipo kaleredwe ka ana oterewa kali ndi zakezake zimene munthu wongodutsa sangazione msanga. Chachikulu mwa izo n'chakuti gawo lalikulu la ntchito yolera wamng'ono limagwiridwa ndi mkulu wake, amene nayenso amakhala akadali mwana wofunika kuleredwa, ndipo ubwino ndi mavuto ambiri a pakhomo lotere zimachokera pa mfundo imeneyi.

Nkhani ya abale awiriwa imayamba wamng'ono asanabadwe, pakuti kutalika kwa nthawi imene yadutsa pakati pa mimba ziwirizo kumakhudza thanzi la onse awiri. Makolo akale ankazidziwa zimenezi, n'chifukwa chake ankadzudzula kutumbiza, komwe ndi kutenga pakati pena mwana akadali kubere, ndipo matenda a mwana wosiyitsidwa kuyamwa mwadzidzidzi, amene amatupa mapazi ndi masaya, tsitsi n'kufiira ndi kupyapyala, ankawatcha utumbidwa. Miyambo yoletsa mwamuna ndi mkazi kukhalira malo amodzi kwa miyezi ingapo mwana akabadwa, pamodzi ndi mantha a tsempho, matenda amene anthu ankakhulupirira kuti amagwira mwana makolo akaphwanya malamulo a kuchipinda, zinkathandiza kutalikitsa nthawi imeneyi, ngakhale kuti kafotokozedwe kake n'kosiyana ndi ka achipatala. Dokotala wa ana Cicely Williams, amene ankagwira ntchito ku Gold Coast, komwe lero ndi Ghana, analemba m'chaka cha 1935 za matenda a kwashiorkor, ndipo anapeza kuti anthu a kumeneko nawonso ankawagwirizanitsa ndi kubadwa kwa mwana wotsatira. Lero zikudziwika kuti gwero lake ndi kuperewera kwa zakudya m'thupi la mwana amene wachoka pa mkaka wa m'mawere n'kugwera pa phala lamadzimadzi la ufa woyera. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi adikire miyezi yosachepera 24 atabereka asanatenge pakati pena, ndipo kuno ku Malawi zipatala zinayamba kupereka njira zotalikitsira nthawi pakati pa ana mu 1982. Kafukufuku wa boma wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo anasonyeza kuti mu 1992 mayi mmodzi ankabereka ana pafupifupi 7, pamene pofika 2015 ndi 2016 chiwerengerocho chinali chitatsika kufika pakati pa 4 ndi 5, motero makomo a ana ochepa, momwe mwana aliyense alibe akulu ambiri omuyang'anira, akuchulukirachulukira.

Ngakhale pamene makolo adikira nthawi yokwanira, kubadwa kwa wachiwiri kumalanda woyamba zinthu zimene ankaziyesa zake mpaka kalekale, zomwe ndi bere, msana wa mayi ndi malo ake pamphasa, ndipo m'mabanja ambiri amasamutsidwa posakhalitsa kuti azikagona kwa agogo ake aakazi. Zimene zimatsatira, monga kulira kosatonthozeka, kuyambiranso kukodza pogona, kukana kudya, kapena kutsina khanda mayi akayang'ana kumbali, akuluakulu amazitcha nsanje kapena kupulupudza, koma kwenikweni mwana wa zaka 3 alibe njira ina yofotokozera kuti zinthu zamusokonekera. Apa m'pamene banja lalikulu limaonetsa phindu lake, chifukwa mwana amene ali ndi agogo, amayi aakulu ndi amayi aang'ono pabwalo lomwelo sasowa miyendo yokhalapo, pamene mwana wa banja lobwera, lochita lendi pafupi ndi msika, amadalira mayi mmodzi yemweyo amene manja ake adzaza kale. M'banja lotere bambo akamanyamula wamkuluyo, kumusambitsa ndi kudya naye, zisatengedwe ngati chifundo chapadera, pakuti palibenso wina woti atseke mpatawo.

Tsiku la pakhomo la msodzi limayenda mosiyana ndi la mlimi. Amuna ogwira ntchito m'maboti a chilimira, lomwe ndi khoka lalikulu loponyedwa pakati pa nyanja, amanyamuka madzulo kukachita usodzi wa kauni, wokopa usipa ndi nyali usiku wopanda mwezi, ndipo akabwerako m'mamawa amafunika kugona masana. Akazi nawo amalawirira kugombe kukapikula nsombazo, kuzifutsa kapena kuziyanika pa matandala zisanawonongeke, kenako n'kupita kumunda, kudimba kapena kumsika. Palinso makomo amene bambo ali ku Joni, kutsata njira imene azigogo awo anaiyenda pa nthawi ya Wenela, ndipo ana amamudziwa kudzera pa foni ndi katundu wotumizidwa. M'makomo onsewa funso limene mwana wamkulu amalimva kuposa lina lililonse ndi lakuti, "Mphwako ali kuti?", ndipo pofika zaka 6 kapena 7 amakhala atazindikira kuti wamng'ono akagwa, akalira kapena akasowa, woyamba kufunsidwa ndi iyeyo.

Mchitidwe umenewu si wa ku Chipoka kokha, ndipo si chizindikiro cha kulekerera ana monga ena angaganizire. Akatswiri awiri ofufuza za chikhalidwe cha anthu, Thomas Weisner ndi Ronald Gallimore, atasanthula zolembedwa za mitundu yambiri, anasonyeza m'chaka cha 1977 kuti m'madera ochuluka a dziko lapansi mwana akangotsika kumsana amathera nthawi yake yambiri m'manja mwa ana anzake, makamaka akulu ake. Chimene chimasiyanitsa khomo la ana aamuna okhaokha n'chakuti ntchito imeneyi, imene mwambo umaipereka kwa mtsikana, imagwera mnyamata, pamodzi ndi kutunga madzi kumjigo, kutsuka mbale, kusesa pabwalo ndi kusonkhezera moto. Mabanja ena amakana zimenezi poopa kuti mwana wamwamuna asekedwa ndi anzake, ndipo mapeto ake mayi amasenza yekha ntchito zonse za pakhomo anyamata awiri amphamvu zawo akungoyendayenda. Mantha amenewa alibe maziko olimba. Carol Ember, amene anafufuza pakati pa Aluo a ku Kenya n'kufalitsa zimene anapeza mu 1973, anaona kuti anyamata amene ankapatsidwa ntchito zotchedwa zachikazi chifukwa chosowa mtsikana wa msinkhu woyenera pakhomo ankakhala osakonda ndewu ndiponso oganizira anzawo kuposa anyamata amene sankagwira ntchito zoterezi. Ndipo aliyense wodziwa moyo wa panyanja akudziwa kuti asodzi akasamukira ku magombe akutali potsata nsomba amadziphikira okha ndi kudzichapira okha, moti mnyamata amene anaphunzira kuvundula nsima ali wamng'ono savutika kumeneko.

Wamng'ono amaphunzira kwa mkulu wake zambiri zimene sukulu siphunzitsa, monga kumanga mpira wachikulunga, kupinda galimoto yamawaya, kusema legeni, kukumba nyongolotsi za nyambo, kugenda mango ndi malambe, ndi kudziwa khomo la galu woluma. Amaphunziranso ulemu, pakuti akangoyamba kuyankhula amauzidwa kuti mkulu wake satchulidwa dzina lokha koma amati achimwene, ndipo m'mabanja ambiri ulemu umenewu sutha ngakhale onse awiri atamera imvi. Koma amatengeranso zotukwana, bodza ndi chizolowezi chothawira ku nyumba zoonetsera mavidiyo, kotero kuti kholo lofuna kuwongola wamng'ono liyenera kuyambira pa wamkulu.

Malire a dongosolo limeneli amaonekera pamadzi. Mwana wa ku Chipoka amasamba, amasewera ndi kuchapa m'nyanja, ndipo anyamata ambiri amadziwa kusambira asanadziwe kulemba dzina lawo, zimene zimapatsa makolo chidaliro chimene nthawi zina chimapitirira muyeso. Kudziwa kusambira n'kosiyana ndi kutha kupulumutsa munthu amene akumira, ndipo mnyamata wa zaka 7 amene watengeka ndi kudumphira m'madzi kuchokera pa bwato sangakhale akuyang'aniranso mwana wa zaka 3, chifukwa maganizo a mwana wa msinkhu umenewu sagwira zinthu ziwiri pakamodzi kwa nthawi yaitali. Mwana wamng'ono akamamira kawirikawiri safuula kapena kuphiriphitha monga ambiri amaganizira, amangolowa pansi mwakachetechete, ndipo mphindi zochepa zimakwana. Lipoti la WHO la 2014 linati anthu pafupifupi 372,000 ankamwalira chaka chilichonse pomira m'madzi, kuti ana osakwana zaka 5 ndiwo ali pachiopsezo chachikulu, ndiponso kuti amuna amamira kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi akazi. Gombe lenilenilo nalonso silikhala chimodzimodzi chaka chonse. Mphepo ya mwera, imene imaomba kuchokera chakummwera m'miyezi yozizira, imautsa mafunde otha kugwetsa mwana pamalo pomwe dzulo lake ankasewera bwinobwino, ndipo madzi a m'nyanja atakwera kwambiri m'chaka cha 2024, n'kulowa m'nyumba ndi m'minda ya m'mbali mwa nyanja ku Salima, Nkhotakota ndi Mangochi, maenje ndi zitsa zimene zinali pamtunda zinabisika pansi pa madzi. M'mabango ndi kumathiriro a mitsinje mumakhalanso ng'ona ndi mvuu.

Ngozi ikachitika, cholemetsa chachikulu chimagwera mwana amene anauzidwa kuti ayang'anire mnzake, ndipo mawu ochepa olankhulidwa mwaukali pa tsiku la maliro angathe kumutsata moyo wake wonse. N'kulakwa kuika moyo wa mwana m'manja mwa mwana mnzake pamalo amene ngakhale munthu wamkulu amafunika kukhala tcheru. Lamulo losavuta lakuti wamng'ono asafike kugombe popanda munthu wamkulu, ngakhale achimwene ake atakhalapo, limateteza ana onse awiri, wina ku imfa ndi wina ku mlandu umene si wake. Bungwe la WHO, potengera zimene zinaoneka m'midzi ya ku Bangladesh, komwe ana ambiri ankamira m'maiwe nthawi imene amayi awo atanganidwa ndi ntchito, linalangiza mu 2021 kuti ana osakwana zaka 6 azisungidwa masana pamalo amodzi oyang'aniridwa ndi akuluakulu, ndipo a zaka 6 kupita m'tsogolo aziphunzitsidwa kusambira ndi kudziteteza m'madzi. Malo oterewa alipo kale m'midzi ya m'Malawi, ndiwo sukulu zamkombaphala, zimene zimayendetsedwa ndi alezi ongodzipereka, ndipo ngakhale zambiri zimavutika ndi kusowa kwa ufa wa phala ndi nyumba zolimba, m'dera la kunyanja ntchito yake imaposa kuphunzitsa ana kuwerenga ndi kuimba, chifukwa maola amene mwana ali kumeneko ndi maola omwewo amene mayi ali pa matandala ndipo mkulu wake ali m'kalasi.

Nyanja imabweretsanso likodzo, matenda oyambitsidwa ndi tinyongolotsi timene timakulira mu nkhono za m'madzi osaya, n'kulowa pakhungu la munthu akamasamba kapena kuwedza, kenako n'kukaikira mazira m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo. Chizindikiro chake chodziwika ndi magazi mu mkodzo, ndipo wodwala akakodzera m'madzi mazira aja amaswa n'kulowanso mu nkhono, matendawo n'kupitirira. Anyamata a msinkhu wa sukulu ndiwo amagwidwa kwambiri popeza amathera maola ambiri m'madzi, moti m'madera ena magaziwo ankatengedwa ngati chizindikiro cha kukula, pamene zoona zake n'zakuti matendawa amachepetsa magazi m'thupi, amafooketsa mwana m'kalasi, ndipo akakhalitsa amawononga chikhodzodzo ndi impso. Akatswiri Jay Stauffer ndi Henry Madsen, amene anafufuza ku Cape Maclear m'boma la Mangochi, anagwirizanitsa kuchuluka kwa matendawa ndi kuchepa kwa nsomba zodya nkhono chifukwa cha kusodza mopitirira muyeso. Mankhwala ake, otchedwa praziquantel, amagawidwa m'masukulu poyeza kutalika kwa mwana pa ndodo, koma dongosolo limeneli limasiya mpata umene makolo a ana awiri ayenera kuudziwa: wamkulu amene ali pasukulu amalandira mankhwala, pamene wamng'ono amene amasamba naye pamalo amodzi koma sanayambe sukulu nthawi zambiri amatsala, ndipo amathandizidwa pokhapokha kholo likamutengera kuchipatala. Malungo nawo satha m'dera lotentha ngati limeneli, ndipo neti imodzi imene abale awiri amagonamo imawateteza onse ngati siinang'ambike ndiponso ngati siinatengedwe kukakokera tinsomba kugombe. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo unakhudza kwambiri maboma a m'mbali mwa nyanja kuphatikizapo Salima, unakumbutsa mabanja kuti madzi a m'nyanja sayenera kumwedwa osathiridwa mankhwala kapena kuwiritsidwa.

Pa nthawi ya chakudya pamabuka vuto lina limene silioneka ngati vuto. Mwambo umafuna kuti abale adyere m'mbale imodzi, ndipo cholinga chake n'chabwino, popeza m'mbale imeneyo ndimo mwana amaphunzirira kutapa ndiwo moganizira mnzake. Komabe mwana wa zaka 6 amadya msanga kuposa wa zaka 2, ndipo pamene wamng'ono akulimbana ndi mbamu yoyamba, mutu wa nsomba ndi msuzi zimakhala zitapita. Kafukufuku wa 2015 ndi 2016 uja anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka 5 m'Malawi anali opinimbira, kutanthauza kuti anali aafupi poyerekeza ndi zaka zawo chifukwa cha kusowa zakudya zoyenera kwa nthawi yaitali, ndipo kukhala pafupi ndi nyanja sikuteteza mwana pakokha, chifukwa nsomba yabwino imapita kumsika kuti pakhomo papezeke ndalama ya ufa ndi sopo. Alangizi a zaumoyo amalimbikitsa kuti mwana wamng'ono akhale ndi mbale yakeyake kuti mayi aone kuchuluka kwa zimene wadya, ndiponso kuti usipa wouma usinjidwe n'kuthiridwa m'phala pamodzi ndi nsinjiro, pakuti nsomba yodyedwa yonse ndi mafupa omwe imapereka mchere womanga mafupa ndi wowonjezera magazi. Malangizo amenewa sathetsa mwambo wodyera pamodzi, amangouchedwetsa mpaka wamng'ono atafika potha kudzitapira mokwanira.

Abale opondana amamenyana, ndipo zimene amalimbirana, kaya ndi mpira, chidutswa cha chinangwa kapena mbali ya chofunda, sizikhala zazikulu. Chofunika kwambiri ndi mmene makolo amaweruzira. Mawu akuti, "Ndiwe wamkulu, musiyire mwana," amathetsa phokoso msanga, koma akamanenedwa tsiku ndi tsiku popanda kufunsa amene wayamba, wamng'ono amaphunzira kuti kulira ndi chida chopambanira mlandu, ndipo wamkulu amaphunzira kuti pakhomo palibe chilungamo, n'kumadikira kuti makolo achoke abwezere. Choipa china ndi kuyerekeza ana pamaso pawo, wina kumutcha wanzeru ndi wina wopanda nzeru, wina wa bambo ndi wina wa mayi, chifukwa maina oterewa amamatirira ndipo mwana amayamba kuchita zogwirizana nawo. Pa nkhani ya chikwapu, kafukufuku wa boma wa 2013 wokhudza nkhanza kwa ana anapeza kuti anyamata awiri mwa atatu alionse anachitiridwapo nkhanza zokhudza thupi asanakwane zaka 18, chiwerengero chimene chinali chokwera kuposa cha atsikana, ndipo izi zikusonyeza chikhulupiriro chofala chakuti mwana wamwamuna samva popanda kumenyedwa. Pakhomo la ana aamuna awiri chikhulupiriro chimenechi chimabwerera mwachangu, pakuti wamkulu amene wakwapulidwa chifukwa cholakwa amaona kuti nayenso ali ndi ufulu wokwapula mphwake akalakwa, ndipo amatero popanda muyeso umene munthu wamkulu angakhale nawo. Lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo kwa ana la 2010 limaika pa makolo udindo woteteza ana ku nkhanza ndi ku kulekereredwa, koma pakhomo zinthu zimasintha pokhapokha makolo akaona okha kuti mwana amatengera dzanja lawo kuposa mawu awo.

Ubale wa anyamata awiriwa uli ndi tanthauzo lina m'chikhalidwe cha Achewa ndi Ayao, amene amawerenga mtundu kudzera kwa mayi. Pa ukwati wa chikamwini mwamuna amakakhala kumudzi kwa mkazi, ana amakhala a kuchikazi, ndipo amene ali ndi mawu omaliza pa iwo ndi atsibweni awo, mlongo wa mayi wawo, amene ena amawatcha amalume kapena amjomba. Mnyamata akakula amayembekezeka kukakwatira kwina, koma amakhalabe mwinimbumba, kutanthauza woyang'anira alongo ake ndi ana awo, ndiponso nkhoswe yoimira banja pa ukwati, pa milandu ndi pa maliro. Motero mayi wa ana aamuna okhaokha amamva mawu akuti nyumba yake ilibe wodzasunga malo, ndipo ena amakakamizika kuberekanso msanga pofuna mtsikana, zimene zimabwezeretsa vuto la kutumbiza lija. J. Clyde Mitchell, m'buku lake lofotokoza za mudzi wa Ayao la 1956, anasonyeza kuti midzi yambiri inkagawanika chifukwa cha mpikisano wa mkulu ndi mphwake polimbirana kuyang'anira mbumba, wamng'ono n'kuchoka ndi alongo ena kukayambitsa mudzi wake. Masiku ano abambo ambiri ndiwo amalipira sukulu ndi chipatala, ukwati wa chitengwa, wotengera mkazi kwa mwamuna, wafala m'malo a malonda, ndipo mphamvu za atsibweni zachepa, komabe milandu ya malo, maboti ndi makoka a masiye imafikabe kwa mafumu, ndipo kawirikawiri olimbanawo amakhala abale a mimba imodzi amene kusamvana kwawo kunayamba kale.

Chinamwali chimaika mzere wina pakati pawo. M'mabanja a Chiyao mnyamata amapita ku jando, kumsasa wotchedwa ndagala, komwe amadulidwa ndi ngaliba ndi kulangizidwa za ulemu ndi khalidwe, nthawi zambiri pa tchuthi chachikulu cha sukulu, pamene m'mabanja a Achewa osunga mwambo amalowa kudambwe la gule wamkulu. Wobwerako salowanso kuchipinda kwa mayi ake, amasamukira kugowelo, nyumba yogona anyamata osakwatira, ndipo ali ndi zinsinsi zimene sangauze mphwake. Pofuna kuchepetsa ndalama zogulira zovala zatsopano ndi chakudya cha chikondwerero, makolo ena amatumiza onse awiri chaka chimodzi, zimene zimachititsa kuti wamng'ono auzidwe kuti wakula asanafike pomvetsa zimene akuuzidwazo.

Sukulu ndiyo imaonetsa poyera mtengo umene wamkulu amalipira. Kuyambira 1994, pamene boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, khomo la kalasi ndi lotsekukira mwana aliyense wa zaka 6, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 linati maphunziro a pulayimale ndi okakamiza, koma yunifolomu ndi makope zimafunabe ndalama. Wamng'ono amavala zimene mkulu wake wasiya, ndipo chifukwa cha kubwereza makalasi, komwe n'kofala, si zachilendo kupeza awiriwo atakumana m'kalasi imodzi, zimene zimachititsa manyazi wamkulu n'kumufulumizitsa kusiya. Gombe nalo lili pafupi ndipo limalipira tsiku lomwelo. Mnyamata wa zaka 10 angathe kupeza kandalama pothandiza kukoka khoka, kukapa madzi m'boti kapena kunyamula mabeseni a usipa, ndipo akaona alovi, omwe ndi anyamata ogwira ntchito m'maboti a eni zipangizo, akugula mafoni ndi nsapato, mphunzitsi amene akumulonjeza zabwino za zaka khumi zikubwerazo amavutika kumukopa. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, koma kugombe palibe amene amalembedwa, aliyense amangoti akuthandiza. Ntchito zambiri za mabungwe m'boma la Salima zalimbikira kusunga atsikana pasukulu, ndipo n'zoyenera kutero poona kuchuluka kwa mimba ndi maukwati a ana, koma mnyamata wa kunyanja nayenso ali ndi chomukoka champhamvu, ndipo iye akasiya sukulu anthu ambiri sadandaula chifukwa madzulo amabwera ndi ndiwo.

Pakhomo pakavuta, kaya bambo wamwalira, wakwatira kwina kapena wasiya kutumiza thandizo, amene amatumidwa kunyanja ndi wamkulu, ndipo nthawi zambiri amauzidwa kuti akutero kuti mphwake aphunzire. Alipo amuna ambiri ophunzira amene fizi yawo ya kusekondale inachokera m'manja mwa achimwene awo amene sanamalize Sitandade 8, ndipo ngongole imeneyi, imene palibe anailemba, imasanduka gwero la chikondi chozama kapena la kuwawidwa mtima, malinga ndi mmene wophunzirayo akumbukirira. Umboni wakuti umphawi ndiwo umakankha chisankho chimenechi unapezeka m'dera lomweli. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo imapereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa opanda munthu wotha kugwira ntchito, n'kuwonjezerapo kangachepe pa mwana aliyense wa msinkhu wa sukulu, inaunikidwa pakati pa 2013 ndi 2015 ndi akatswiri a Yunivesite ya Malawi ndi ya North Carolina m'madera a mafumu a ku Mangochi ndi ku Salima, kuphatikizapo kwa Ndindi ndi kwa Maganga. Anapeza kuti m'mabanja olandira ndalamazo chakudya chinawonjezeka, ana ambiri anakhala ndi nsapato, chofunda ndi zovala zosinthira, ndipo ochuluka analowa kapena kubwerera kusukulu, ngakhale kuti ntchito za ana m'minda ndi m'makola a pakhomo nazonso zinawonjezeka pamene mabanjawo anagula mbuzi ndi nkhuku. Ndondomekoyi imafikira pafupifupi khomo limodzi mwa makomo 10 alionse, choncho mabanja ambiri a alovi ndi a amayi ogulitsa usipa, amene ndi osauka koma ali ndi mphamvu zogwirira ntchito, sakhala m'kaundula wake, ndipo m'makomo amenewa chisankho chakuti wamkulu alowe m'kalasi kapena m'boti chimatsalira pa makolo okha, nyengo iliyonse imene usipa wasowa kapena mwera wakana kuleka.